“Nambala yanu andipatsa ndi…”: amene amakubweretserani ogula ndani kwenikweni?

Foni ya mmisiri wa mu Lilongwe ikalira ndi nambala yachilendo, mawu oyamba amadziwika kale: “Pepanitu achimwene, nambala yanu andipatsa ndi…” Dzina limene limatsatira pamenepo ndi chuma choposa chikwangwani chimene munalembetsa pakhomo pa shopu, komatu amene amalisunga ndi owerengeka. Wowotcherera mageti ku Biwi, kalipentala wa ku Mchesi, mayi wokongoletsa malo a ukwati ku Area 25, mnyamata woika masola, ngakhale wogulitsa inshulansi wovala tayi ku City Centre, onsewa adzakuuzani kuti geni yawo imayendera kuuzana kwa anthu. Mukafunsa kuti ouza anzawowo ndani, yankho silichedwa: “Makasitomala anga.” Ine ndimati limenelo ndi theka chabe la nkhani, ndipo theka linalo ndi limene likudyetsa mabanja ambiri eni ake osazindikira.

Otumiza ogula alipo a mitundu iwiri. Pali amene anatulutsapo ndalama m’thumba n’kugula kwa inu. Ndiye pali amene sanagulepo kanthu: foromani wa pa saiti, mnyamata wa m’hadiweya ku Malangalanga, ajenti wa nyumba, alamu anu, mkulu wa kumpingo, mmisiri mnzanu amene ntchito zamuchulukira, mlonda wa pa geti, ngakhale uja anafunsa kotesheni chaka chatha kenaka n’kungoti zii. Kufunsa kuti mawu a gulu liti ali ndi phindu lalikulu kungaoneke ngati kusowa chochita. Koma yankho lake ndi limene limakuuzani woyenera kumuimbira mwezi ukauma, woyenera kumuthokoza, ndi amene akungokutherani mayunitsi.

Mphamvu ya kasitomala ndi yakuti iye ndi mboni. Pabwalo la a mfumu, amene anaona ndi maso ake amamvedwa mosiyana ndi amene anachita kuuzidwa. Paja kandimverere anakanena za m’maluwa. Mayi wa ku Area 49 akauza mnzake kuti, “Geti ili anandipangira ndi mnyamata wina wa ku Biwi, mvula yachitatu ino koma dzimbiri ayi,” getilo lili pompo. Mnzakeyo akhoza kuligwira, kulikankha, kumvetsera ngati likulira. Palibe chimene mungalembe pa Facebook chofika pamenepo.

Palinso chinthu china chimene sichioneka msanga. Kasitomala amakudziwani inu, amamudziwanso amene akumutumayo. Amadziwa kuti simugwira chitsulo musanalandire dipoziti, kuti Loweruka simupezeka, kuti mitengo yanu si ya pa msika wa Tsoka. Choncho satuma munthu wina aliyense. Amachita kusefa, mwina osadziwa n’komwe kuti akusefa. Wobwerayo amafika atamva kale khalidwe lanu lonse ndipo walivomereza ali kwawo. Kukambirana kumafupika. Ndipo zikafika pa ngongole, wotumidwa ndi mnzake amaganiza kawiri asanazimitse foni, chifukwa nkhaniyo ikafika kwa amene anamutuma. Wotumayo amakhala ngati nkhoswe: sali pa ntchitopo, koma onse awiri mukumuchitira manyazi.

Zimenezi zinayesedwapo ndi manambala. Akatswiri atatu, Philipp Schmitt, Bernd Skiera ndi Christophe Van den Bulte, anatsatira makasitomala pafupifupi 10,000 a banki ina yaikulu ya ku Germany kwa zaka pafupifupi zitatu, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2011. Bankiyo inkapereka mphatso ya mayuro 25 kwa kasitomala wobweretsa mnzake. Anapeza kuti obwera kudzera mwa anzawo anali aphindu kuposa ena ofanana nawo amene anabwera okha ndi 16 peresenti kapena kuposerapo, komanso sankaisiya bankiyo msanga. Phindu loonjezera limene ankabweretsa poyamba linkanka lichepa pamene miyezi ikupita, koma kukhazikika kwawo kunapitirira. Kafukufuku wotsatira, wa mu 2018, anaonjezera mfundo imene mayi aliyense wa saluni ku Kawale amaidziwa popanda kuwerenga: wobweretsedwayo amakhazikika malinga ngati womubweretsayo akadalipo. Akachoka mayi uja anabwera ndi anzake anayi a ku banki mkhonde, musadabwe kuona mipando inayi ili yokhayokha.

Mpaka pano zikuoneka ngati nkhani yatha, kasitomala wapambana. Koma taonani kumene chitsime chimenechi chimaphwera.

“Musadandaule achimwene, ndikuuzirani anzanga onse.” Mawu awa kwathu kuno ndi kutsanzika chabe, ngati kuti “muyende bwino.” Ndipo si ife tokha. Chiyambire 2003, pamene katswiri wa zamalonda Fred Reichheld anatchukitsa funso loti “kodi mungauze mnzanu kuti agule kwa ife?”, makampani padziko lonse akhala akufunsa anthu kuti ayankhe ndi nambala kuyambira 0 mpaka 10, n’kumasangalala ndi ma 9 ndi ma 10. Mu 2007 katswiri wina, V. Kumar, ndi anzake awiri anafuna kuona ngati olonjezawo amachitadi. Pa kampani ina ya mafoni, makasitomala 81 pa 100 alionse ananena kuti adzauza anzawo. Amene anauzadi anali 30. Pa kampani ya zandalama analonjeza 68, ochita anali 33. Anapezanso kuti amene amagula kwambiri si amene amabweretsa anzawo kwambiri. Bwana wamkulu amene mumamulandira ndi manja awiri akhoza kukhala kuti sanatchulepo dzina lanu kwina kulikonse, pamene mphunzitsi amene anangogula mafelemu awiri a mawindo wakutumizirani anthu asanu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Malonjezo a pa geti ndi wa pachala.

Ngakhale kasitomala wofunitsitsa amafika pothera. Anthu amene amacheza nawo ndi omwewo: a pa ntchito, a kumpingo, achibale, oyandikana nawo. Mwa amenewa, ndi angati akufuna geti chaka chino? Geti munthu amagula kamodzi, denga amakhoma kamodzi, ukwati amati ndi kamodzi. Amene amakukondani kwambiri anauza kale onse amene akanawauza, chaka choyamba chomwe. Akatswiri David Godes ndi Dina Mayzlin anayesa zimenezi ndi kampani ya malesitilanti ambiri ku America, ndipo analengeza zotsatira mu 2009. Anapempha magulu awiri kuti azifalitsa mbiri ya malesitilantiwo: makasitomala ake, ndi anthu ena amene sanali makasitomala. Mawu amene anakweza malonda sanali a okhulupirika kwambiri aja. Anali a amene sanali omangirira pa kampaniyo, makamaka akamauza anthu ongodziwana nawo, osati anzawo apamtima. Chifukwa chake n’chosavuta kumva: anzake a kasitomala wokhulupirika anamva kale, ena anapitako kale. Uthenga watsopano umayenda ndi munthu amene akulowa m’makomo amene dzina lanu silinafikemo.

Kuno ku Malawi kuli vuto lina limene a ku Germany aja sakanaliganizira. Kasitomala satumiza dzina lanu lokha, amatumiza ndi mtengo womwe. “Ine anandipangira pa ndalama zakuti.” Liti? Sanena. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n’kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chitsulo, penti, matailosi ndi mabatire a sola zimatsatira dola. Ndiye wobwerayo amafika ndi mtengo wa dzana m’mutu, inu mukutchula wa lero, iye n’kuona ngati mwamuyang’ana nsapato. Amabwerera kwa mnzake uja n’kunena kuti, “Munthu wanu uja wayamba kudzimva.” Mwataya awiri pa nthawi imodzi. Amisiri ochenjera amauziratu kasitomala pomaliza ntchito kuti, “Amayi, mukamauza anzanu muziwaonetsa ntchitoyi, za mtengo adzamve kwa ine.”

Aliponso makasitomala okhutira amene amakubisani dala. Mayi amene wapeza telala wodziwa kusoka sathamangira kuuza anzake a mu kwaya, kuopa kudzafanana sitayilo pa chinkhoswe. Wa golosale ku Chinsapo amene amaoda katundu kwa inu motsika mtengo sangauze wa golosale yoyandikana nayo. Inu ndinu chinsinsi cha phindu lake. Ndiye pali ntchito zimene munthu safuna kudziwika kuti anazifunapo: ngongole, loya wa nkhani za banja, chipatala cha matenda ena. Pa malonda oterewa, kudikira kuti makasitomala akutchukitseni n’kudikira madzi a mphutsi.

Chomaliza pa kasitomala, chimene ambiri sakonda kumva: iye ndi mboni ya zimene anaona zokha. Anaona kuti munafika nthawi yake, munali ndi ulemu, pentiyo ikuwala. Ngati waya wa m’khoma ndi wochepa mphamvu, ngati simenti ya pa maziko munaibera, sakudziwa, adzadziwa patapita zaka. Amene angaweruze kuwotcherera kwanu molondola ndi bilidala amene waikapo mafelemu a amisiri makumi awiri. Iyeyo sanagulepo kanthu kwa inu, koma diso lake ndi lakuthwa kuposa la mwini nyumba.

Apa ndiye pamene gulu lachiwiri likulowera, ndipo kulakwitsa kwakukulu ndi kuwaika onse m’dengu limodzi. Osagula amene amatumiza anthu ndi osiyana kwambiri, moti ena ndi ofunika kuposa kasitomala aliyense, ena ndi chikomekome cha nkhuyu.

Ofunika kwambiri ndi amene ndimawatcha oima pa mphambano. Lilongwe ndi mzinda womangidwa tsiku ndi tsiku. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzindawu, ndipo aliyense woyenda cha ku Airwing, Njewa, 6 Miles kapena Chigwirizano amaona yekha milu ya njerwa ndi mchenga. Nyumba iliyonse imadutsa m’manja motsatizana: wogulitsa ploti, wojambula pulani, bilidala, kalipentala wa denga, wamagetsi, pulambala, wa matailosi, wa siling’i, wa geti ndi mabagalabazi, kenaka wa makatani. Aliyense pa mndandandawu amakumana ndi mwini nyumba wotsatira wake asanafunike. Bilidala akafika pa lintala amadziwa kuti sabata ziwiri zikubwerazi pafunika kalipentala, ndipo mwini nyumba amafunsa yemweyo: “Madala, simukudziwako wa denga wabwino?” Ambiri omangitsa sakhala n’komwe pa saiti. Ena ali ku Capital Hill mpaka madzulo, ena akugwira ntchito m’maboma, ena ali ku Joni kapena ku UK akungotumiza ndalama ndi kulandira zithunzi pa WhatsApp. Kwa amenewa, mawu a foromani ndiwo lamulo.

Chimene oima pa mphambano ali nacho, chimene kasitomala alibe, ndi nthawi yoyenera ndi kubwereza. Kasitomala amakutchulani nkhani ikangofika pamenepo, kwa munthu amene mwina adzamanga zaka zitatu zikubwerazi. Foromani amakutchulani kwa munthu amene ndalama ili kale m’manja, ndipo mwezi wamawa alinso pa saiti ina. N’chimodzimodzi m’malonda ena. Wogulitsa zipangizo za galimoto amafunsidwa za makanika tsiku lililonse. Wosoka veyilo amafunsidwa za wojambula zithunzi, wojambula zithunzi amafunsidwa za wa keke, woyang’anira holo amafunsidwa za onsewa. Wapampando wa komiti ya ukwati amene ndi wodziwika kuti amatha kuyendetsa zinthu amasankhidwa kangapo pa chaka, pamene mkwatibwi amene munamukongoletsera bwino uja sadzabweranso.

Mark Granovetter, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, anaonetsa mu 1973 kuti mwa anthu a kufupi ndi Boston amene anapeza ntchito kudzera mwa munthu wina, ambiri anaipeza kudzera mwa amene ankangoonana naye mwa apo ndi apo, osati bwenzi la ponda apa nane mpondepo. Bwenzi lapamtima limadziwa anthu amene inunso mumawadziwa. Wongodziwana naye ndiye mlatho wopita kutsidya. Mmisiri wa ku Area 23 amene makasitomala ake onse ndi a mpingo wake adzazungulira momwemo mpaka kale. Amene angamulowetse ku Area 43 kapena Area 10 ndi wosamalira maluwa, dalaivala kapena wamagetsi amene amagwira kale kumeneko.

Kutumizana kumakhala ndi mpanda wake, ndipo izi zinaoneka kwathu konkuno. Lori Beaman, Niall Keleher ndi Jeremy Magruder anachita kafukufuku ku Malawi pa kalembedwe ka anthu ofunsa mafunso m’makafukufuku, amene anatuluka mu 2018. Amuna akapatsidwa ufulu wobweretsa aliyense, ambiri ankabweretsa amuna anzawo. Koma akauzidwa mwachindunji kuti abweretse mkazi, ankapeza akazi oyenera ntchitoyo. Akaziwo analipo, sankangobwera m’maganizo. Imeneyo inali nkhani ya ntchito, koma pa malonda phunziro lake ndi lomwelo: anthu amatumiza ofanana nawo pokhapokha mutawapempha mosapita m’mbali. Mayi wamagetsi kapena wowotcherera amene akudikira kuti maforomani amukumbukire okha adzadikira nthawi yaitali.

Achibale ndi anzanu a ku ubwana ndi gulu lina. Amakutchulani chifukwa cha chikondi, ndipo zimenezo n’zabwino, koma chikondi sichisefa. Atsibweni anu akauza munthu kuti, “Pitani kwa mphwanga, mukanene kuti ndakutumani ndine,” wobwerayo amamva kuti mtengo utsika ndipo kulipira ndi kumapeto kwa mwezi, mwezi wake osatchulidwa. Kumukaniza ndi kunyoza atsibweni. Ambiri mwa maina amene ali m’buku la ngongole zosabwezedwa analowera khomo limeneli. Sindikuti muziwakana, ndikuti powerengera phindu, musawaike pamodzi ndi amene anatumidwa ndi mboni.

Mmisiri mnzanu wa ntchito yofanana ndi yanu akakutumizirani munthu, funsani mumtima chifukwa chake. Nthawi zambiri ndi zoona, ntchito zamuchulukira kapena alibe makina oyenera, ndipo mawu ake ndi olemera chifukwa akudziwa ntchitoyo. Koma nthawi zina akukupatsirani kasitomala wovuta amene iye watopa naye.

Tsono tifike pa nkhani ya ndalama, pamene zinthu zimapotokera. Osagula ambiri satumiza ulere. Pali “ya fanta”, pali “kangachepe”, pali komishoni yokambirana, ndipo kumapeto kwenikweni kuli dobadoba, amene ntchito yake yonse ndi kuima pakati. Kulipira wotumiza si tchimo pakokha. Banki ya ku Germany ija inkalipira. Ogulitsa inshulansi amadya komishoni movomerezeka, ali ndi ziphaso zochokera kwa woyang’anira mabungwe azandalama ku Reserve Bank of Malawi. Ngakhale ku ulimi, Ariel BenYishay ndi Ahmed Mushfiq Mobarak, pa kafukufuku wa m’midzi ya ku Malawi amene anatuluka mu 2019, anapeza kuti njira zatsopano monga kubzala m’maenje ndi kupanga manyowa zinkafala bwino zikamaphunzitsidwa ndi alimi wamba ofanana ndi anzawo, koma makamaka pamene alimiwo alonjezedwa kamphatso zinthu zikayenda. Popanda kamphatsoko, ambiri sankadzivutitsa. Munthu ali ndi zochita zake. Kuti akumbukire dzina lanu pa nthawi yake, pafunika chifukwa.

Nkhani ili pa kalipiridwe. Ku Kolkata, ku India, Beaman ndi Magruder omwe aja anapempha anthu kuti abweretse anzawo odzagwira ntchito ina. Ena anauzidwa kuti alandira ndalama yokhazikika pongobweretsa munthu, ena kuti malipiro awo adalira mmene wobwerayo agwirire. Zotsatira za mu 2012 zinaonetsa kuti malipiro akadalira kagwiridwe, anthu ankachepetsa kubweretsa achibale n’kumabweretsa anzawo a kuntchito. Tanthauzo lake pa shopu yanu ndi ili: mukamapereka ya fanta pa munthu aliyense wongofika, mudzalandira anthu ongofika, ofunsa mitengo, okuyendetsani mpaka ku Area 36 kukayeza mawindo a nyumba imene ilibe denga. Mukamapereka ntchito ikatha ndipo ndalama yonse yalowa, wotumizayo amayamba kusefa ngati mmene kasitomala amasefera, ndipo amathandizanso kukumbutsa wochedwa kulipira.

Choopsa chenicheni ndi komishoni yobisika. Foromani amabwera n’kunena chapansipansi kuti, “Pa kotesheni paja muikepo yanga.” Ndalamayo siichoka m’phindu lanu, ikuchoka m’thumba la mwini nyumba, amene akulipiranso foromani yemweyo kuti amuyang’anire zinthu. Tsiku limene adzafunse mtengo kwina n’kuzindikira, sadzati foromani anaba. Adzati nonse awiri munapangana. Ndipo foromani wotereyu sanakusankheni chifukwa cha luso. Akabwera wina woika yochulukirapo, mwatha. Muyeso umene ine ndimaukhulupirira ndi wosavuta: kodi kangachepeko mungakatchule mwini ndalama ali pompo? Ajenti wa nyumba amanena poyera kuti amalandira chakuti, ndipo palibe amakwiya. Chimene chikufuna kunong’onezana chili ndi dzina lina. Wotumizayo akakhala wogwira ntchito yogula katundu ku kampani, ku bungwe kapena m’boma, dzinalo ndi chiphuphu. Lamulo la Corrupt Practices Act la 1995, limene linakhazikitsa Anti-Corruption Bureau, silinalembedwere ogwira ntchito m’boma okha. Limafikanso kwa a m’makampani ndi aliyense woimira mnzake pa malonda, wopereka ndi wolandira omwe.

Malipiro abwino kwa oima pa mphambano nthawi zambiri si ndalama n’komwe. Ndi kubwezera. Wamagetsi wakutumizirani ntchito ya geti, inunso mukamva wofuna kuika mawaya mumutumizire. Kupatsa n’kuika. Ubale wotere umakhala nthawi yaitali chifukwa aliyense akuika dzina lake pa mnzake, ndipo ukalakwitsa ntchito waononga awiri. Koma umafuna kusamala posankha: mukatumiza kasitomala wanu kwa pulambala wa mowa, dontho lililonse la m’bafa lidzatchula dzina lanu.

Nanga mungadziwe bwanji za geni yanu inuyo? Manambala a ku Germany ndi ku America sangakuuzeni za shopu ya ku Mchesi. Chofunika ndi hadikava ya pa golosale ndi cholembera. Aliyense woimba kapena wofika, funsani amene wamutuma, lembani dzinalo. Kutsogolo kwake lembani zimene zinachitika: anangofunsa, anapatsidwa kotesheni, analipira dipoziti, anamaliza kulipira, anatenga miyezi ingati, anabweranso, anatumizako wina. Musaiwale zimene munaononga pomusaka: thiransipoti yokayeza, mafuta amene mwina munawagonera pa mzere, theka la tsiku limene simunagwire ntchito.

Tingoyerekeza, manambalawa ndi ongopeka kuti njira ioneke. Pa chaka, makasitomala anu akale akutumizirani anthu 10, ndipo 7 agula. Foromani mmodzi wakutumizirani 24, agula 9. Achibale atumiza 12, agula 8, koma 3 sanamalize kulipira. Woyang’ana kuti mwa khumi agula angati adzati makasitomala ndiwo apamwamba, ndipo sakunama: munthu mmodzi wotumidwa ndi kasitomala ndi wolemera kuposa mmodzi wotumidwa ndi foromani. Koma anthu 7 ajawo achokera kwa makasitomala mwina 60 amene munawagwirira ntchito, pamene 9 achokera kwa munthu mmodzi. Funso loti “kutumizidwa kumodzi n’kwa phindu lanji” ndi losiyana ndi loti “wotumiza mmodzi ndi wa phindu lanji.” Pa loyamba amapambana kasitomala pafupifupi nthawi zonse. Pa lachiwiri, m’malonda ogulidwa kamodzikamodzi, woima pa mphambano amapita patali. Mkangano wambiri pa nkhaniyi umabwera chifukwa wina akuyankha funso loyamba, wina lachiwiri.

Mtundu wa malonda ndiwo umalamula. Saluni, butchala, wometa, wochapa galimoto, sukulu ya mkaka, wophika nsima ya masana pafupi ndi maofesi: apa anthu amabwera sabata ndi sabata, zotsatira zimaoneka pa mutu kapena pa mbale, ndipo mnzake wa kasitomala akufunanso chomwecho lero. Makasitomala ndiwo msana wa malonda otere. Koma pa denga, chitsime, sola, bokosi la maliro, galimoto yochokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, kapena chilichonse chimene munthu amagula kamodzi ali wosadziwa, wofunsidwa ndi amene amaoneka kuti amazidziwa, kaya anagulapo kaya ayi.

Kachitidwe ka kutumizako nakonso kamasintha kulemera kwake, kaya wotumiza ndi wa gulu liti. “Ndamupatsa nambala yanu” ndi kopepuka. Mwina aimba, mwina ayi. “Nayi nambala yake, muimbireni” ndi koopsa ngati mwini nambalayo sanauzidwe, chifukwa mumafika ngati wakuba, ndipo chiyambire lamulo la Data Protection Act la 2024, loteteza zinsinsi za anthu, makampani osunga manambala a anthu ayeneranso kusamala ndi kagwiritsidwe kake. Kolemera ndi kuja wotumiza amaimba ali pomwepo n’kunena kuti, “Ndili ndi amayi ena pano, talankhulani nawo,” kapena kubwera naye yekha pa shopu. Pamenepo waika nkhope yake. Ndipo popempha, “muziwauzako anzanu” sikugwira kanthu. Chimene chimagwira ndi kufunsa molunjika: “Bwana, ploti ili kuseri kwanuyi ndaona afika pa windo. Eni ake mumadziwana nawo?”

Uja anafunsa kotesheni n’kusagula musamufufute m’buku. Kawirikawiri chinamulepheretsa ndi ndalama, osati inu. Anakuonani mukuyeza, anamva mukufotokoza kusiyana kwa chitsulo chopyapyala ndi chokhuthala, ndipo ngati simunamukwiyire atabwerera, amakutchulani kwa ena mwina kuposa amene anagula, ngati njira yobwezera nthawi yanu imene anadya.

Kudalira woima pa mphambano kuli ndi ngozi imodzi imene siichedwa kuoneka. Ntchito zisanu ndi zinayi zochokera kwa munthu mmodzi zimatha tsiku limodzi. Foromani akakwera basi ya ku Joni, akadwala, kapena mphwake akamaliza maphunziro a zowotcherera ku Lilongwe Technical College, foni imangoti chete. Eni nyumba amene munawagwirira ntchito kudzera mwa iye ambiri sakudziwani n’komwe, amadziwa kuti “anabwera ndi a foromani.” Kuti asanduke mboni zanu, ayenera kukuonani nkhope ndi kusunga nambala yanu pa dzina lanu, osati pa “Wa Geti 2”. Nthawi yabwino yowayendera ndi mvula yoyamba ikagwa, mu Novembala kapena Disembala, pamene mageti amayamba kulira ndipo madenga amaonetsa podontha. Mumatenga girizi pang’ono ndi kabulashi, n’kugogoda: “Odi amayi, ndine ndinapanga getili, ndimati ndione ngati likuyenda bwino.” Mukamapaka girizi pa mahinjesi muziponyako diso kuseri kwa mpanda. Kumadera atsopanowa, ploti yoyandikana nayo kawirikawiri imakhala itafika pa lintala.